Mmene mlendo angalowere m'gule wa Bon wa m'dera limene akukhala ku Japan

Munthu akangofika ku Japan kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito, amamva msanga za zikondwerero zikuluzikulu zimene zimakoka alendo a m'mayiko akutali, monga Gion Matsuri ya ku Kyoto, imene imatenga mwezi wonse wa Julaye, kapena Awa Odori ya ku Tokushima, imene imachitika m'katikati mwa Ogasiti. Zimenezi n'zokongola ndipo n'zoyenera kukaziona, koma kumeneko mlendo amangoima m'mbali mwa msewu pakati pa chinamtindi cha anthu osadziwana, n'kubwerera kunyumba popanda amene wamudziwa dzina. Chikondwerero chimene chingakulowetseni m'moyo wa anthu amene mwayandikana nawo ndi chija chaching'ono chimene chimachitikira pabwalo la sukulu ya pulayimale, papaki kapena pabwalo la kachisi wa m'dera lanu, chimene amachikonza ndi eni dera okha. Njira yabwino yoloweramo ndiyo kugwira nawo ntchito yokonzekera, osati kungofika madzulo ng'oma zitayamba kale kulira.

Yambani mwadziwa chimene anthu akukumbukira

Gule wa Bon, amene eni ake amati Bon Odori, ndi mbali imodzi ya nyengo ya Obon, pamene mabanja amalandira mizimu ya makolo awo imene amakhulupirira kuti imabwera kudzacheza kwa masiku owerengeka. M'madera ambiri nyengoyi imayamba pa 13 n'kutha pa 16 Ogasiti. M'madera ena a ku Tokyo amaichita pa masiku omwewo koma m'mwezi wa Julaye, ndipo ku Okinawa amatsata kalendala yakale yoyendera mwezi wakumwamba, kotero kuti masiku ake amasintha chaka ndi chaka. Kusiyanaku kunabwera chifukwa chakuti mu 1873 dziko la Japan linasiya kalendala yakale n'kuyamba kutsata imene tikugwiritsa ntchito lero, ndipo dera lililonse linasankha njira yake yosungira mwambowu. N'chifukwa chake musadalire masiku amene mwawerenga pa intaneti, koma funsani a m'dera lanu. Dziwaninso kuti gule wa m'dera sachitika nthawi zonse m'masiku enieni a Obon, pakuti mabungwe ambiri amamuika kumathero a sabata ina mu Julaye kapena mu Ogasiti, anthu asanabalalike kupita kumidzi ya makolo awo.

Madzulo a tsiku la 13 mungathe kuona munthu wachikulire atagwada pakhomo la nyumba yake akuyatsa timapesi touma totchedwa ogara m'kambale kadothi. Moto waung'onowo ndi wosonyeza mizimu njira yobwerera kunyumba, ndipo pa 16 amayatsanso wina wotsazikira. M'nyumba zina amaika nkhaka ndi bilinganya zobayidwa timitengo tinayi ngati miyendo. Nkhaka imaimira kavalo woti makolo abwere mofulumira, pamene bilinganya limaimira ng'ombe yoti abwerere pang'onopang'ono atanyamula mphatso zawo. Mukaona zimenezi pakhomo la munthu, musazigwire ndipo musazijambule musanapemphe, chifukwa si zokongoletsera koma ndi za banja limene likukumbukira akufa ake. Moto waukulu umene amayatsa pamapiri asanu ozungulira Kyoto usiku wa pa 16 Ogasiti ndi mwambo womwewu wotsazika mizimu, kungoti kumeneko umachitidwa ndi mzinda wonse.

Pezani bungwe la m'dera ndipo mudzipereke

Pafupifupi dera lililonse lili ndi bungwe la anthu okhalamo lotchedwa chonaikai kapena jichikai. Bungweli si la boma ndipo kulowamo n'kodzifunira, koma ndi limene nthawi zambiri limayang'anira malo otayira zinyalala, kusesa m'misewu, kuphunzitsana zochita pakagwa chivomezi, komanso kukonza zikondwerero. Mamembala amasonkha ndalama yochepa, kawirikawiri mayeni mazana angapo pamwezi. Nkhani zake zimamatidwa pabolodi la zidziwitso la m'mphepete mwa msewu, ndipo zina zimayenda nyumba ndi nyumba m'chikwatu chotchedwa kairanban, chimene mumawerenga, n'kusayina kapena kudindapo, kenaka n'kupititsa kwa woyandikana nanu osachigoneka masiku. Ngati simunadziwe kuwerenga Chijapani, jambulani chidziwitsocho ndi foni kuti ikumasulireni, ndipo yang'anani zinthu zitatu: tsiku, malo, ndi ngati akufuna anthu othandiza. Pamene simukudziwa amene akutsogolera bungwe, funsani mwini nyumba imene mukuchita lendi kapena a ku ofesi ya mzinda kumene munalembetsa adiresi yanu.

Pitani mukaonane ndi mtsogoleri wa bungwe kudakali sabata zingapo, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu amene amalankhula zinenero zonse ziwiri. Mukanene dzina lanu, nyumba imene mumakhala, ndi kuti mukufuna kuthandiza, n'kumaliza ndi mawu akuti “yoroshiku onegai shimasu”, amene anthu amanena akamayamba kugwira ntchito limodzi. Musaope kuti mwina mudzakhala wolowerera. Ku Japan anthu pafupifupi 29 pa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, ndipo m'madera ambiri amene amanyamula mitengo ndi matebulo ndi agogo omwe aja chaka chilichonse. Madera ena anasiya kumene kuchita gule chifukwa chosowa manja. Munthu wamphamvu zake amene wabwera yekha kudzati ndithandize nawo amalandiridwa ndi chimwemwe chenicheni, ngakhale kuti tsiku loyamba angaoneke ngati akumuyang'ana mokayika.

Pali nkhani ya ndalama imene alendo ambiri saidziwa. Chikondwerero cha m'dera chimayendera zopereka za mabanja ndi mashopu, ndipo mayina a opereka amalembedwa pamapepala n'kumatidwa pabolodi kuti aliyense aone. Wophunzira sakakamizidwa kupereka, koma ngati mwafuna kutero, funsani woyandikana nanu ndalama imene mabanja amapereka kawirikawiri, pakuti kupereka zochuluka kwambiri kumachititsa ena manyazi. Ndalamayo musaipereke pamanja. Gulani envelopu yachikondwerero yokhala ndi chingwe chofiira ndi choyera, imene imapezeka m'mashopu otsegula usana ndi usiku aja, lembani dzina lanu m'munsi mwake, ndipo mukaipereke ndi manja awiri patebulo la olandira alendo. Chenjerani kuti musagule ya chingwe chakuda ndi choyera, chifukwa imeneyo ndi ya maliro.

Tsiku lokonza bwalo

Ntchito imayamba m'mawa kwambiri dzuwa lisanakule, ndipo nthawi imene mwauzidwa ndi nthawi imene ntchito ikuyambadi, choncho fikani kudakali mphindi khumi. Pakati pa bwalo amamanga nsanja yotchedwa yagura, pamene pamakhala ng'oma yaikulu ya taiko, ndipo kuchokera pansanjapo amakoka zingwe kupita m'mbali zonse n'kupachikapo nyali zapepala. Ena amakhala akumanga matenti, ena akuyala mipando ya okalamba, ena akudula kabichi wa zakudya zamadzulo. Musasankhe nokha ntchito kapena kuyamba kuwongolera mmene ena akuchitira, ngakhale mutaona njira yachidule, pakuti aliyense ali ndi malo ake amene wakhala akugwira kwa zaka zambiri. Imani pafupi ndi amene akuoneka kuti akutsogolera, munene kuti “tetsudaimasu”, kusonyeza kuti mwabwera kudzathandiza, ndipo muchite chimene mwapatsidwa mpaka chithe.

Samalani kwambiri ndi kutentha. Pamene kwathu Julaye ndi Ogasiti ndi miyezi ya mphepo, ku Japan ndi pachimake pa chilimwe, ndipo m'mizinda yambiri kumatentha kufika madigiri 35 ndi chinyontho chimene chimachititsa kuti thukuta lisaume. Munthu wozolowera kutentha kwa ku Nsanje asadzinamize kuti n'chimodzimodzi. Valani chipewa, ikani kathaulo m'khosi monga mmene eni ake amachitira, ndipo imwani madzi kapena tiyi wozizira wa balere, amene amati mugicha, musanamve ludzu. Wina akayamba chizungulire kapena kulankhula zosamveka, mupititseni pamthunzi ndipo muimbe 119, imene ndi nambala ya ambulansi ndi ozimitsa moto.

Zovala ndi kavinidwe

Palibe lamulo loti muvale chovala cha Chijapani, ndipo ambiri amavina atavala zovala wamba. Koma mukafuna kuvala yukata, mkanjo wopepuka wa thonje wa nyengo yotentha, pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kulakwitsa. Mbali ya kudzanja lamanja ndiyo imayamba kukhudza thupi, kenaka ya kumanzere imabwera pamwamba pake, kwa amuna ndi akazi omwe. Mukavala bwino, dzanja lanu lamanja limatha kulowa mosavuta pachifuwa m'kati mwa chovalacho. Kuvala mosemphanitsa ndi mmene amavekera mtembo, ndipo pa nyengo yokumbukira akufa cholakwika chimenechi chimaoneka msanga. Lamba wake, amene amati obi, amuna amamanga m'munsi cha m'chiuno pamene akazi amamanga m'mwamba, ndipo kamangidwe ka akazi n'kovuta ndithu kwa woyamba. Pemphani mayi wachikulire wa m'dera kuti akuvekeni. Ambiri amasangalala kupemphedwa zimenezi, ndipo nthawi imene akukukokani lamba uku akukuuzani kuti muime mowongoka ndi imene ubwenzi umayambira. Nsapato zamatabwa za geta zimatupitsa pakati pa zala ngati simunazizolowere, choncho ziyeseni masiku angapo kapena mungovala nsapato zanu.

Gule amayamba dzuwa likamalowa ndipo m'madera okhala anthu amatha cha m'ma 9 koloko usiku kuti asasokoneze ogona. Ovina amapanga mizere yozungulira nsanja, ndipo onse amayenda molowera kumodzi akubwereza kayendedwe ka manja ndi mapazi kamene sikatalika. Mzere wam'kati, kapena pamwamba pa nsanja penipeni, pamakhala akatswiri, kawirikawiri amayi ovala yukata zofanana amene akhala akuyeserera kwa masabata. Inu lowani mzere wakunja, sankhani katswiri mmodzi amene mukumuona bwino, ndipo muzitsata iyeyo basi. Yambani ndi mapazi, manja adzabwera pambuyo, chifukwa cholinga choyamba n'chakuti mzere usaime chifukwa cha inu.

Guleyu savina ndi chiuno kapena mapewa. Msana umakhala wowongoka, mawondo opinda pang'ono, masitepe afupiafupi, ndipo kukongola kwake kumaonekera m'manja ndi m'kuyendera limodzi kwa gulu lonse. Amene anakulira m'magule amphamvu ayenera kudzigwira pang'ono, osati chifukwa chakuti kuvina kwake n'koipa, koma chifukwa pano palibe amene amalowa pakati kuti aonekere yekha. Nyimbo imene mudzaimve pafupifupi kulikonse ndi Tanko Bushi, yochokera ku migodi ya malasha ya m'chigawo cha Fukuoka, ndipo ndi yabwino kuyambira chifukwa kavinidwe kake kamatsanzira ntchito ya m'migodi: mumakumba ndi fosholo kumanja kenaka kumanzere, mumasenza paphewa, mumabwerera m'mbuyo dzanja lili pamphumi, mumakankha ngolo kutsogolo, n'kutambasula manja ndi kuwomba m'manja. Nyimbo zomwezo zimabwerezedwa kangapo usiku umodzi, motero amene analephera ulendo woyamba amapezeka kuti wachitatu akuyenda bwino. Mabungwe ambiri amakonzanso madzulo oyeserera m'holo ya m'dera chikondwerero chisanafike, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kofunika kuposa tsiku lenilenilo, chifukwa anthu amakhala ochepa ndipo amakhala ndi nthawi yokufunsani kumene mwachokera.

Mukaukonda guleyu n'kufuna kuona kumene anakhwima, ku Gujo m'chigawo cha Gifu amavina usiku woposa 30 kuyambira mu Julaye mpaka kuchiyambi kwa Seputembala, ndipo kuyambira pa 13 mpaka pa 16 Ogasiti amachezera mpaka mbandakucha. Gule ameneyu ndi mmodzi mwa magule 41 a ku Japan amene bungwe la UNESCO linawaika pamodzi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2022, ndipo aliyense amaloledwa kulowa m'bwalo.

M'mbali mwa bwalo mumakhala malo ogulitsira zakudya monga yakisoba (chakudya chonga supageti chokazinga ndi kabichi), nyama ya nkhuku yootcha patimitengo ndi madzi oundana operapera othira manyuchi. Tengani ndalama zachitsulo ndi mapepala a mayeni 1,000, pakuti ogulitsa ambiri ndi anansi anu omwe ndipo alibe makina a khadi. Amene sadya nkhumba afunse asanagule yakisoba, chifukwa nthawi zambiri mumakhala nyama imeneyi. Mowa amaloledwa kwa amene akwanitsa zaka 20, ndipo mukamwa musakwere ngakhale njinga yakapalasa, popeza lamulo limaletsa.

Nkhani ya chikhulupiriro ndi kuitanidwa kunyumba

Akhristu ndi Asilamu ena amadzifunsa ngati n'koyenera kutenga nawo mbali, ndipo funsoli si lopepuka. Obon inachokera m'chipembedzo cha Chibuda chosakanikirana ndi kulemekeza makolo kumene kunalipo kale m'dzikomo. Komabe gule wa papaki kapena pasukulu masiku ano amakhala wopanda mapemphero, ndipo ambiri amene amavina amamuona ngati msonkhano wa anansi. Zimasiyana ndi chikondwerero cha kachisi wa Chishinto, chipembedzo chakale cha ku Japan, pamene anthu amanyamula mikoshi, kakachisi konyamulika kamene amakhulupirira kuti mulungu wa deralo amakweramo pozungulira misewu. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kunyamula nawo, nenani mwaulemu ndipo mupemphe ntchito ina, monga kugawa madzi kapena kuyang'anira ana pamsewu. Anthu a ku Japan sakonda kukakamizana pa za chipembedzo. Chimene angadandaule nacho ndi munthu amene analonjeza kubwera n'kusaoneka. Ngati mwasankha kunyamula, muvale jekete la happi limene bungwe lingakubwerekeni, mugunditse phewa kumtengo osasiya mpata kuti usakumenyeni, ndipo mutsate mfuu ya anzanu kuti mapazi ayendere limodzi. Okalamba ena sakondwera kuona munthu akuyang'ana mikoshi kuchokera pamwamba pa nyumba, choncho tsikani pansi ikamadutsa.

Ubwenzi ukakula, banja lina lingakuitaneni kuti mupite nalo kumanda. Amene anapitako kolambula manda kumudzi adzazindikira mtima wake: amazula udzu, amatsuka mwala wa pamanda ndi madzi a m'chidebe chamatabwa kapena chapulasitiki chimene amabwereka pakachisi, amaika maluwa ndi kuyatsa timitengo tofukiza, kenaka aliyense amaphatikiza manja mwakachetechete. Kumanda ndi kukachisi wa Chibuda sawomba m'manja. Kuwomba kawiri kuja kumachitika kukachisi wa Chishinto. Kamtengo kofukiza kakayaka lawi, musakauzire ndi pakamwa koma kupizani ndi dzanja. Ngati simukufuna kufukiza, kuima chete mutaweramitsa mutu n'kokwanira.

Banja limene lataya munthu posachedwa limasunga Obon yoyamba mwapadera, ndipo limapachika nyali yoyera yopanda maluwa. Mukaitanidwa kumeneko valani zakuda kapena zosawala, ndipo mutenge maswiti kapena zipatso zokutidwa bwino zoti akaike patsogolo pa guwa la m'nyumba. Vulani nsapato pakhomo n'kuzitembenuza kuti ziyang'ane kunja. Pachakudya musazike timitengo todyera mumpunga ndipo musalandire chakudya kuchokera patimitengo ta mnzanu ndi timitengo tanu, pakuti zonse ziwirizi zimachitika pa miyambo ya maliro.

Musachoke nyali zikangozima

Nyimbo yomaliza ikatha, alendo amabalalika koma eni dera amatsala. Zinyalala zimasankhidwa monga mwa malamulo a mzindawo, zoyaka pazokha, zitini pazokha, mabotolo apulasitiki atachotsedwa zitsekerero ndi mapepala pawokha, ndipo bwalo la sukulu liyenera kubwezedwa lopanda ngakhale kamtengo kamodzi kootchera nyama. M'mawa mwake amagwetsa nsanja, amapinda nyali imodziimodzi n'kuzilongedza m'makatoni olembedwa bwino kuti zidikire chaka chamawa. Ntchito imeneyi ndi imene imasowa anthu kwambiri, ndipo amene wabwera tsiku limeneli ndi amene dzina lake limakumbukiridwa. Posiyana mumauzana kuti “otsukaresama deshita”, pothokozana chifukwa cha ntchito imene mwagwira limodzi.

Kawirikawiri pamakhala kaphwando ka ogwira ntchito m'holo ya m'dera. Mukaitanidwa pitani ngakhale kwa ola limodzi, khalani chakufupi ndi khomo kumene kumakhala achinyamata mpaka atakuuzani malo ena, ndipo musayambe kumwa wamkulu asananene kuti “kanpai”. Muzithirira anzanu chakumwa m'malo modzithirira nokha, ndipo ngati simumwa mowa, tiyi amakwanira. Pamenepo funsani za zochitika zimene zikubwera, chifukwa bungwe lomweli ndi limene limakonza zoyeserera kuthawa chivomezi cha kumayambiriro kwa Seputembala, pokumbukira chivomezi chachikulu chimene chinagwedeza Tokyo ndi madera ozungulira pa 1 Seputembala 1923. M'madera ambiri limakonzanso masewera a mabanja mu Okutobala ndi kusinja mumtondo mpunga wopangira chakudya chotchedwa mochi chakumapeto kwa chaka, ntchito imene imafuna anthu odziwa kugwira musi, ndipo mayina a othandiza amayamba kulembedwa kudakali mwezi wathunthu.